Seva Imene Inkafa Lachiwiri ndi Lachinayi

Namawaya anamenya tebulo ndi chikhatho, kachitini ka mapini n'kudumpha.

"Yafanso!"

Makina osokera anaima m'shopu monse. Telala wamfupi amene anzake ankamutcha Zipi, poti pakamwa pake sipankatsekeka, anasuzumira pakhomo tepi ili m'khosi.

"Pepani alamu, zovuta. Mwambo wa maliro uyamba nthawi yanji? Tiyambe kusoka zakuda?"

"Tachokani apa, a Zipi."

Sikirini ya kompyuta inali mbee, kupatula timawu tonena kuti tsamba silikupezeka. Chonsecho dzulo lomweli linkatseguka bwinobwino: zithunzi za mayunifolomu, dzina la sukulu, malo olembamo msinkhu wa mwana ndi chiuno chake. Madzulo anasiya chinthu chamoyo, m'mawa wapeza mtembo. Aka kanali kachinayi.

Dzina la Namawaya anam'patsa ndi matelala tsiku limene anatulukira ndi katoni yodzaza mawaya. Anali mkazi wa mwana wotsiriza wa mwini shopu. Kampani imene ankagwirako ntchito itatsekedwa, anapempha apongozi akewo kachipinda ka kumbuyo, mosungira nsalu, kuti apangiremo tsamba la pa intaneti. Ankafuna kuti makolo azitumiza miyezo ya ana awo ali kunyumba, m'malo modzapanikizana m'shopu sabata yotsegulira sukulu. Madala, monga aliyense ankawatchulira, anavomera mokoka miyendo.

"Mwezi uno ukamatha ndione chinthu chogwira ntchito, mayi. Apo ayi, nsalu zibwerera m'malo mwake, inu mukathandize kusita."

Tsambalo linali lisanatulukire kunja. Diresi amayamba alilumikiza ndi ulusi wongogwirizira, mwini wake n'kuliyesa, ndiye kenako n'kusoka zenizeni. Namawaya nayenso anaika seva yoyesera pa kompyuta yakale ya m'shopu momwemo. Seva ndi pulogalamu yopanda ntchito ina koma kudikira: wina akapempha tsamba, iyo n'kumupatsa. Matelala ankangolemba nambala ya kompyutayo pa mafoni awo, tsamba n'kutseguka, iwo n'kumaseka zithunzi za makabudula amene anasoka okha.

Ndiye chinthu chodikira chimafa bwanji chokha?

Namawaya anatseka chitseko. Kuseri kwake anali atalemba masiku ndi choko chodulira nsalu, tsiku labwino kamzere, tsiku loipa kamtanda. Anawonjezera mtanda wa lero, n'kubwerera m'mbuyo pang'ono kuti aone bwino. Lachiwiri, Lachinayi. Lachiwiri, Lachinayi. Matenda a makina sadziwa kalendala. Chodziwa kalendala ndi munthu.

Shopuyo inali ndi lamulo lake. Kalekale simbi yoiwalika inaotcha tebulo ndi madiresi asanu ndi awiri a anthu, ndiye kuyambira pamenepo wotseka shopu ankatsitsa swichi yaikulu, magetsi onse thii, ndi kabokosi ka intaneti komwe. Wotsegula m'mawa ankaikweza. Namawaya anali atapempha kuti wotsegulayo azimudiniranso batani la kompyuta, chifukwa inkadzuka pang'onopang'ono ngati munthu wodwala msana. Masiku ambiri ankatsegula Madala. Koma Lachiwiri ndi Lachinayi m'mawa iwo ankapita kuchipatala kukawongoletsa bondo, ndipo ankatsegula Achemwali.

Achemwali anali mwana woyamba wa Madala, wodula nsalu, ndipo kiyi wachiwiri wa shopu anakhala m'chikwama mwawo zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi. Kachipinda aka kanali kawo. Tsopano mipukutu ya nsalu inali itaunjikidwa pansi pa tebulo lawo lodulira, n'kumawagunda m'maondo tsiku lonse. Ndipo si iwo kodi amene ananena tsiku loyamba lija, pamaso pa anthu, kuti, "Makolo amayeza ana ndi chingwe choyanikira zovala, mudzatisoketsa matumba"?

Namawaya anawerama n'kuyang'ana pa kiyibodi. Dzulo madzulo anagonekapo kaulusi kofiira, mopingasa. Kaulusiko kanali pansi.

Anatuluka. Achemwali anali ataweramira nsalu yabuluu, sizasi ikulira khwee, khwee, foni yawo yaikulu ili chilili pa shelefu ikuimba nyimbo za kwaya.

"Alamu, m'mawa muja munagwira china chake m'chipindamo?"

"Batani lanu lija."

"Basi?"

"Ndi fumbi. Ndapukuta. Mumadyera pomwepo, nyerere zinachita kupanga msewu." Sizasi sinaime. "Chasowa n'chiyani?"

"Palibe."

"Ndiye mwandifunsiranji?"

Namawaya anabwerera m'kachipinda khutu likutentha. Kupukuta fumbi! Anayamba mwambo wake wa tsiku loipa. Anazimitsa kompyuta n'kuyatsanso: zii. Anasintha waya wochokera ku kabokosi: zii. Anatseka pulogalamu yolondera kompyuta, poganiza kuti mwina ikutsekereza alendo pakhomo: zii. Panali fayilo ina imene seva imalembamo zonse zoichitikira, ngati buku la mlonda. Anaitsegula, n'kuona mizere yothithikana masauzande, n'kuitseka. Awerenge zonsezo, pamene wolakwa ali apo akudula nsalu? M'malo mwake anasintha mawu achinsinsi kachitatu, n'kuwalemba pa kapepala, n'kukabisa m'nsapato.

Masana anaimbira foni mwamuna wake, amene anali pa ulendo ndi lole ya kampani.

"Achemwali?" mwamunayo anaseka mpaka kutsokomola. "Munthu woti chithunzi amachita kukutumizira chozondoka? Awononge seva?"

"Kuwononga sikulira sukulu. Amangofuna chipinda chawo."

"Mayi, chonde, ndili pa msewu. Musandiyatsire moto kwathu."

"Ndiye ndikhale ndizisita makabudula, ndi mapepala anga onse aja?"

"Kambani nawo bwinobwino."

Sanakambe nawo. Lachisanu m'mawa anafika n'kupeza Madala atsegula, seva ili moyo ngati sinadwalepo. Anadikira kuti matelala onse akhale pa makina awo, kenako anaitana apongozi ake.

"Bambo, tabwerani muone."

Madala anabwera akutsimphina. Anavala magalasi, n'kuyang'ana timizere ndi timitanda kuseri kwa chitseko. Namawaya anafotokoza mokweza ndithu, kuti ndi kutsogolo komwe amve. Sanatchule dzina la munthu. Anangotchula masiku, ndi ulusi wofiira uja, n'kunena kuti iye ntchito yake amaidziwa, koma sangamange nyumba masana wina n'kumagumula m'mawa.

Sizasi inaima. Achemwali anabwera pang'onopang'ono, akupukuta manja pa epuloni.

"Alamu, mukunena ine?"

"Ndikunena masiku."

"Masikuwo ali ndi manja?"

"Ali ndi kiyi."

Zipi anaimba kamluzu kotsika. Wina anamugunyuza.

Achemwali anayang'ana bambo awo. Ankadikira kuti aseke, kapena akalipe. Koma Madala anali akuwerengabe timitanda tija ndi chala, milomo ikugwedera. Anali munthu wokhulupirira zolembedwa. Munthu akamuuza chinthu ankagwedeza mutu, koma chikakhala pa pepala kapena pa khoma ankachiopa.

"Kanayi konse," anatero motsitsa. "Mwanawe, kanayi konse?"

Achemwali anapita pa chikwama chawo, n'kumasula kiyi pa kachingwe, n'kudzamuika pa tebulo pafupi ndi kiyibodi, mosaponya, mwaulemu ngati akupereka chopereka.

"Nayu. Ine chinthucho ndimangodina pamene anandionetsa."

"Sabata yamawa nditsegula ndekha masiku onse," Madala anatero, akuika kiyiyo m'thumba. "Bondo lidikire. Tione."

Ndipo anaona. Lolemba seva inali moyo. Lachiwiri moyo. Lachinayi Namawaya analowa, n'kupeza tsamba likumuyembekeza, zithunzi zonse zili m'malo. Sabata yathunthu yopanda mtanda! Anawonjezera malo osankhira mtundu wa nsalu, akuimba chapansipansi. Mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi, koma iye sanali kuganiza za amalonda.

M'shopumo munasintha. Foni ya Achemwali inasiya kuimba. Ankalowa pamodzi ndi matelala, ngati waganyu, n'kudula nsalu osadzutsa mutu. Akafuna choko chatsopano ankapempha kwa bambo awo. Matelala ena anayamba kutseka madirowa awo akamapita kukadya, chinthu chimene sichinachitikepo. Madala nawo anasiya nthabwala. Ankangokhala pa mpando wawo pakhomo, mwendo atautambasula, akuusisita.

Pofika Lolemba lotsatira bondolo linali litatupa ngati dzungu. Madala anaitana Namawaya madzulo, n'kumupatsa kiyi uja.

"Mawa ndibwerera kuchipatala. Mutsegule ndinu, mayi. Loweruka mwezi ukutha, mudzationetse chinthu chanucho."

Lachiwiri Namawaya analawira. Msewu unali usanadzaze, ogulitsa nthochi akuyala kumene. Anatsegula loko, n'kukweza swichi yaikulu, magetsi ngwee. Anadina batani la kompyuta ndi chala chake chomwe, n'kuika chikwama pa mpando. Timagetsi ta kabokosi tinayamba kuphethira. Anasesa pang'ono podikira. Kenako anakhala pansi, n'kutsegula tsamba.

Mbee.

Anadzuka n'kuyang'ana kuseri kwa chitseko, ngati mungabisale munthu. Anayang'ana pansi pa tebulo. Anayesa zenera: lotseka. Kodi Achemwali anadulitsa kiyi wina? Koma loko anali bwinobwino, ulusi umene anagoneka dzulo unali pomwepo, ndipo magetsi anali ozima mpaka iye mwini atawayatsa. M'shopu monse munali iye yekha ndi zidole ziwiri zovekapo madiresi.

Anakhalanso pansi, ndipo poti panalibenso wina womuloza chala, anatsegula buku la mlonda lija. Ulendo uno anatsikira kumapeto kwenikweni, pa mzere wa m'mawa womwewo. Unali mzere umodzi, wa Chingerezi chosavuta. Seva inkanena kuti yalephera kuyamba, chifukwa nambala imene anailamula kuti izidikirirapo alendo si ya kompyuta ino.

Si ya kompyuta ino? Nambalayo anailemba yekha sabata yoyamba, m'fayilo ya malamulo a seva, kuti matelala azitha kuona tsamba pa mafoni. Inkathera ndi 2. Anafunsa kompyuta nambala yake ya lero. Inkathera ndi 3.

Nanga 2 ali ndi ndani?

Anayang'ana chikwama chake pa mpando. Anatulutsa foni, n'kutsegula pamene pamaoneka za intaneti ya m'shopu. Nambala yothera ndi 2 inali pamenepo, phee, m'manja mwake.

Zinamveka zonse nthawi imodzi, ngati ndowa yagwa. Kabokosi kaja kamagawa manambala ngati pa mzere wa kuchipatala: wofika msanga ndiye amatenga yoyamba. Kakazimitsidwa madzulo kamaiwala zonse, m'mawa n'kuyambiranso. Madala ali ndi kafoni ka mabatani kosadziwa za intaneti, ndiye iwo akatsegula, kompyuta imadzuka mwaulesi mwakemo n'kupezabe nambala yake ikuidikira. Koma wotsegula akakhala ndi foni yamakono m'chikwama, foniyo imathamangira pa mzere kompyuta isanatsegule ndi diso lomwe. Seva n'kupeza malo ake atengedwa, n'kukana kuyamba. Ndipo foniyo imakhala ndi nambalayo tsiku lonse, kaya uzimitse kompyuta kakhumi.

Anakwera m'mwamba m'fayilomo. Mzere womwewo, mawu omwewo: Lachiwiri, Lachinayi, Lachiwiri, Lachinayi.

Kukonza kunali kwa mphindi khumi. Anafufuta nambala ija m'malamulo a seva, kuti izidikira pa nambala iliyonse imene kompyuta yapatsidwa. Kenako analowa m'kabokosi n'kukauza kuti 2 ndi wa kompyuta basi, wina asapatsidwe. Tsamba linatseguka.

Palibe amene anaona. Akanatha kungokhala chete. Loweruka akanaonetsa chinthu chogwira ntchito, chipinda n'kukhala chake, nkhani n'kutha. Akanena, ndiye kuti wavomera kuti munthu wa mapepala analephera kuwerenga mzere umodzi, n'kunamizira mwana wa mwini shopu, n'kutupitsa bondo la apongozi. Munthu wotero amamusiyira chipinda?

Anapita pa zenera lakutsogolo kuti apume mpweya. Tsidya la msewu, pa masitepe a sitolo ya utoto imene inali isanatsegulidwe, panakhala Achemwali, chikwama pa miyendo. Thupi lawo linazolowera kulawira zaka zonsezi, ndiye ankafikabe nthawi yakale. Chitseko cha shopu chinali chotsegula, ankachiona, koma ankadikira kuti matelala afike, kuti pasadzapezeke wonena kuti analowa okha.

Matelala anafika, Achemwali n'kulowa pambuyo pawo. Zipi anasuzumira m'kachipinda.

"Lero ili moyo?"

"Ili moyo."

"Basitu," ananong'ona, akutsinzinira diso ku tebulo lodulira. "Mfiti inagwidwa. Ndani akanaganiza? Munthu wa kwaya!"

Namawaya anamva ngati wameza pini.

Madala anafika dzuwa litakwera, bondo lili m'bandeji. Asanakhale n'komwe, Namawaya anatuluka m'kachipinda.

"Bambo, ndikupempha makina aime pang'ono. Nonse, chonde. Zimitsani mafoni anu. A Zipi okha asiye yawo."

"Ine ndalakwanji?"

"Mungoima apo."

Anali atabwezeretsa cholakwika chija mwadala, mmene chinalili poyamba. Anazimitsa kompyuta, n'kutsitsa swichi yaikulu, n'kuwerenga mpaka makumi awiri, n'kuikweza. Anadina batani. Anthu anaunjikana pakhomo la kachipinda, akununkha mafuta a makina. Kompyuta itadzuka, anatsegula tsamba. Mbee.

"Yafa," anatero. "Waipha ndi a Zipi."

"Ine? Amayi anga ine! Manja anga ali m'thumba chikhalire! Anthuni, mwandiona!"

"Foni yanu ilinso m'thumba momwemo. Yalanda nambala ya kompyuta."

Anafotokoza zonse, za mzere wa manambala, za kafoni ka mabatani ka Madala, za foni yake yomwe m'mawa uja. Anatembenuza sikirini kuti apongozi ake aone mizere yofanana ija, poti iwo amakhulupirira zolembedwa.

"Nambalayo ndinailemba ndine, pamalo posayenera. Seva inkandiuza tsiku lililonse, ine osawerenga. Alamu sanagwire kanthu. Anangolowa ndi foni m'chikwama ngati munthu aliyense. Ndinawanamizira."

Zipi anatulutsa foni yake n'kuiyang'ana ngati yamuluma.

Madala anavula magalasi. "Ndiye bondo langali latupira nambala?"

"Inde, bambo."

"Ndipo mwana wanga ndinamulanda kiyi chifukwa cha choko cha pa chitseko." Apa sankafunsa munthu. Anatambasula dzanja, Namawaya n'kuikamo kiyi. Madala anatembenukira kwa mwana wawo. "Mwanawe, ndinalakwa ndine. Tenga. Za chipindachi ugamule ndiwe. Ukati nsalu zibwerere lero, zibwerera lero."

Achemwali sanafulumire. Analandira kiyiyo, n'kumumangirira pa kachingwe kake mfundo ziwiri, n'kumuika m'chikwama. Kenako analowa m'kachipinda, matelala akupatuka. Anayang'ana mashelefu awo akale, mawaya, sikirini yoyera.

"Mungathe kuidzutsa?"

"Mphindi khumi."

"Idzutseni."

Namawaya anakhala pansi, n'kuyamba kudina mabatani. Anthu onse ankamuyang'ana msana. Tsamba litatseguka, Achemwali anawerama, n'kuloza ndi chala chokhala ndi chipsera cha sizasi.

"Apa mwalemba kuti chiuno. Chiuno chake chiti? Mayi wina ayeza pamimba mwana atangodya, wina ayeza m'matako. Muikepo chithunzi choonetsa poyeza. Ndipo palibe phewa. Malaya mumasoka opanda phewa?"

"Ndiikapo, alamu."

"Chipindachi khalani nacho mpaka sukulu zitsegulidwe. Osati chifukwa ndakukondani, ayi. Ndatopa ndi kupondedwa zala ndi makolo chaka chilichonse. Nsalu zija mundithandize kuzikweza pamwamba, maondo anga si a chitsulo." Anawongoka. "A Zipi, ndinakumvani m'mawa muja. Makutu a mfiti ndi akuthwa."

Zipi anazimiririka. Posakhalitsa makina ake anayamba kulira mothamanga kuposa onse.

Namawaya anaimirira. "Alamu, pepani. Sindikudziwa kuti ndinene bwanji."

"Musanene zambiri, nsalu ikundidikira. Pepani wanu ndamumva, koma sabata ija ndinaisenza ndekha, ndipo siitsika lero." Anaima pakhomo, dzanja lili pa felemu. "Chinthu chanuchi chidzafanso, makina onse amatero. Chikadzafa, muyambe mwawerenga zimene chikukuuzani, mpaka mzere womaliza. Mukadzaona kuti mukundikayikirabe, tebulo langa lili apo, mapazi khumi. Mubwere mudzandifunse pamaso, pa awiri, osati kundilembera mitanda kuseri kwa chitseko. Mwalowa m'banja la anthu, alamu. Chonde, ulendo wina mudzachiteko bwino kuposa apa."